Nkhani za zozizwitsa za pa nkhondo: tiziwerenge bwanji?

Inu atsogoleri a makalasi mukudziwa kuti mukauza ophunzira acikulire a ku Tsangano kapena ku Macanga kuti alembe za nkhondo, ambiri sayambira pa Frelimo kapena Renamo ai. Amayambira pa cozizwitsa. Abale athu Akatolika ndiwo ali nazo zocuruka: mai wabisala m'cimanga akupemphera korona, asilikali napitirira osamuona, nyumba yapsa yonse, cithunzi ca Maria cokha catsala. Nkhanizi zinakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene anthu athu anakhamukira nkhondo itakula mu 1986, nakhala komweko mpaka utapita mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992. Malawi inasunga othawa opitirira 1,000,000.

Ife sitipemphera kwa Maria, ndipo apa sitisintha. Koma tisafulumire kuseka. Nkhanizi zimanena zoona pa cinthu cimodzi cacikuru: korona safuna wansembe, safuna kacisi, safuna kudziwa kuwerenga. Anthu a ku Fonte Boa atasiya mishoni yao kumbuyo, gogo wosadziwa ngakhale "a" ananyamula mapemphero ake onse pa zala. Ife a Buku, funso limeneli litikhudze: Baibulo likapsa, kapena wowerenga akafa, wotsalayo agwira ciani? Mpingo wa Reformada uyenera kumvetsa msanga, popeza mishoni ya Mphatso, yoyambidwa mu 1909, Apwitikizi anaitseka mu 1922, ndipo cikhulupiriro cinasungidwa ndi akulu a m'midzi ndi mau oloweza pamtima.

Cofooka cake ndi ici. Zikalembedwa, nkhanizi zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Mulibe caka, mulibe mtsinje umene anaoloka, mulibe mfumu ya ku Malawi imene inapatsa anthu malo, kapena malume wa tsidya lija amene anagawa ufa. Kumwamba kwatamandidwa, munthu amene anatsegula citseko waiwalika, ndipo mbiri ya mudzi yatayika pomwepo.

Cina ncowawa koposa. Wolemba akamati korona ndiye anabweza cipolopolo, wasandutsa korona cithumwa. Pamenepo wasiyana pati ndi a Naparama a ku Zambézia, amene ankakhulupirira mphini zobweza zipolopolo, mtsogoleri wao Manuel António naphedwa mu 1991? Ifenso tisadzione oyera, pakuti nkhani ya Baibulo la m'thumba loimitsa cipolopolo imamveka m'mapemphero athu omwe. Tsono taganizani: m'kalasi momwemo mwakhala mai amene anapemphera cimodzimodzi, koma mwana wake anamuika m'manda ku Dedza. Akamva nkhani yotere aziti ciani? Kuti pemphero lake linacepa?

Nkhani ya Cikatolika imene ife tiiona yamphamvu kuposa zonse ndi ya ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, ndipo m'menemo palibe amene anapulumuka. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anatenga ansembe awiri Aciyezuiti, Padre João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konkuno, ndi Padre Sílvio Moreira wa ku Portugal, nawapha. Mitembo inapezeka patapita masiku. Zipolopolo sizinasanduke madzi. Komabe Akatolika amapita kukapemphera pamalopo caka ndi caka, ndipo cimene amakumbukira ndi cakuti awiriwa anakhalabe ndi anthu ao pa nthawi yoopsa. Mai wa mwana uja angathe kuimva nkhani imeneyi osaweramitsa mutu.

Dayosizi ya Tete, pansi pa Episkopi Diamantino Antunes, inatsegula kafukufuku wa imfa yao mu 2021, nitumiza zikalata ku Roma mu 2023. Za kucha munthu wodala kapena woyera, ife tili ndi ciphunzitso cathu cosiyana. Koma onani kacitidwe kake: pa munthu wofera cikhulupiriro, lamulo lao silifuna cozizwitsa kuti achedwe wodala. Limafuna mboni.

Ndiye wophunzira akabweretsa nkhani ya korona, musaidule, musailalikirenso. Mfunseni monga afunsira mboni: cinali caka citi, mwezi wanji? Munali ndi yani m'cimangamo? Munadzera njira iti popita ku malire, ndipo amene sanafike ndani? Alembe mainawo mzere wakewake, ndi dzina la mudzi umene unawalandira.