Chithunzi sichinena chilankhulo: ntchito ya Gertrude Kamkwatira

Chithunzi chojambulidwa tsiku loonetsa sewero chimaonetsa zovala ndi nkhope zokonzedwa kale. Chojambulidwa pa nthawi yoyeserera chimaonetsa ntchito yeniyeni: ndani wagwira pepala la mawu, ndani waimitsidwa pakati pa chiganizo, ndani waima pambali n'kumaloza. Mafunso amenewa ndi omwe ndikufuna kuyezera ntchito ya malemu Gertrude Kamkwatira, mayi wa zisudzo wa ku Malawi, tsidya lija la mtsinje wa Muloza.

Mayi Kamkwatira anadziwika ali m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, lomwe Du Chisiza Jr. analiyambitsa mu 1987. Masiku amenewo malo awo poyeserera anali pakati pa bwalo, kulandira malangizo. Chisiza atamwalira mu 1999, iwo ndiwo anatsogolera gululo, ndipo kenaka anayambitsa lawolawo, Wanna-Do. Pamenepo malo awo anasintha: anaima pambali, ndipo mawu a pa pepala lomwe anzawo anagwira anali awo. Pomwalira mu 2006 anali atalemba masewero monga It's My Fault, lokamba za nkhanza za m'banja, Jesus' Retrial, ndi Breaking the News, lokamba za Edzi. Anatsogoleranso bungwe la National Theatre Association of Malawi. Kuchoka pakati pa bwalo kufika pambali, m'ntchito imene atsogoleri ake ambiri anali abambo, ndicho chinthu chachikulu chomwe anachita.

Koma chithunzi n'chosalankhula, ndipo chimabisa pamene ntchito yawo inaperewera. Masewerowa analembedwa m'Chingerezi. Anthu ophunzira a mumzinda, omwe ankadzaza holo ya French Cultural Centre ku Blantyre, ankamva bwino. Mayi wa kumudzi ku Mulanje kapena kuno ku Milange, amene nkhanza za m'banja amazidziwa pathupi pake, akanaona manja ndi misozi koma mfundo ikanamudutsa. Gulu la Kwathu, lomwe limasewera m'Chichewa, silinakumane ndi mpanda umenewu. Sindikunena kuti Chingerezi chinachepetsa luso lawo. Ndikunena kuti chinasankha oonera.

Ife aphunzitsi a zilankhulo ziwiri nkhaniyi ikutikhudza. Kuchokera pa PEBIMO, yomwe inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, mfundo yathu ndi yoti mwana amamvetsa m'chilankhulo cha kwawo. Komabe m'masukulu omwe ndimayendera, sewero la pa 7 Epulo kapena pa 1 Juni ana amaliyeserera m'Chichewa, kukangana ndi kusekana m'Chichewa, koma tsiku lenileni likafika amalilakatula m'Chipwitikizi choloweza, makolo ali duu. Chithunzi chomwe chimatumizidwa ku ofesi ya maphunziro ndi cha tsikulo, ana ali ndandanda, ndipo palibe angadziwe kuti makolo sanamve kanthu.

Pempho langa ndi ili. Jambulani ndi foni zanu nthawi yoyeserera, mutapempha chilolezo kwa makolo, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse lembani chilankhulo chimene ana ankayankhula, ndi amene ankatsogolera anzake. Mukapeza kuti ndi mtsikana amene waima pambali n'kumaloza, mupatseni pepala alembe sewero lotsatira, m'chilankhulo chimene amayi ake adzamva.