Ziganizo Ziwiri Zomwe Zimamasula Lilime la Mboni

Ndime 3.1 ya Annex 13, malamulo a bungwe la ICAO ofufuzira ngozi za ndege, ili ndi ziganizo ziwiri zokha. Choyamba chimati cholinga cha kafukufuku ndi chimodzi basi, kupewa ngozi zina. Chachiwiri chimati ntchitoyi si yopezera munthu mlandu kapena kugamula woyenera kulipira.

Ngati cholinga ndi chimodzi, nanga kutchuliranji chomwe sicholinga? Olemba ankaudziwa mtima wa munthu. Zovuta zikagwa, aliyense amafunsa kuti walakwa ndani. Mafunso akayamba motero, makaniko yemwe anaiwala kumanga nati amatseka pakamwa, woyendetsa ndege yemwe anamva molakwa malangizo amabisa, ndipo vuto limatsala pomwepo kudikira ndege ina. Choncho chiganizo chachiwiri chikulankhula ndi mboni yamantha: nena zonse, wofufuzayu si woweruza.

Ndimeyi imaikanso pamodzi ngozi yeniyeni ndi chochitika chomwe anthu apulumuka lokumbakumba. Mu Disembala 1974 ndege ya TWA inawomba phiri ku Virginia n'kupha anthu 92. Milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, ndege ya United Airlines inatsala pang'ono kuwomba phiri lomwelo, koma chenjezo linangofika kwa oyendetsa ndege a kampaniyo. Mu 1976 NASA inayamba kuyendetsa ASRS, njira yoti ogwira ntchito aziulula mwachinsinsi zolakwika zotere kuti anzawo onse aphunzirepo.

Kodi ndiye kuti wosasamala asalangidwe? Ayi. Mutu 5 wa Annex 13 umati milandu iziyenda payokha, osaisakaniza ndi kafukufukuyu. Khoti ligwire yake, wofufuza agwire yake.

Kusiyanitsa kumeneku kunatikhudza pomwe akatswiri a BFU a ku Germany anafufuza ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, yomwe inapha Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Iwo anapeza, mwa zina, kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga za kayendedwe kake. Lipoti lotere silingatonthoze wofuna dzina la wolakwa. Ntchito yake ndi kuuza osamalira ndege zina chomwe ayenera kukonza zisananyamuke.