Mawu Oti "Kachirombo" ndi Zamoyo Zotchedwa Protista

M'mabuku ambiri a sayansi ndi zaumoyo olembedwa m'Chichewa, chamoyo chilichonse chosaoneka ndi maso chimatchedwa "kachirombo". Choyambitsa Edzi ndi kachirombo, cha kolera ndi kachirombo, cha malungonso ndi kachirombo. Komatu choyamba ndi vayirasi, chachiwiri ndi bakiteriya, ndipo chachitatu chili m'gulu lomwe Ernst Haeckel wa ku Germany adalitcha Protista m'chaka cha 1866. Gulu lomalizali ndilo limaonetsa poyera kuperewera kwa mawuwa.

Zamoyo za m'gululi selo yake ili ndi phata losungiramo chibadwa, monga ilili selo ya munthu, pamene bakiteriya alibe phata lotero. Zina mwa izo zimasautsa anthu kuno kwathu. Plasmodium, yemwe Alphonse Laveran adamuona m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndiye mwini malungo. Trypanosoma, wofalitsidwa ndi kashembe m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza, ndiye amayambitsa kaodzera. Mwana wasukulu akaphunzira kuti zonsezi ndi "tizirombo" basi, sangamvetse chifukwa chake penisilini, yemwe amapha bakiteriya, sachiza malungo. Kusokoneza mayina kumabala kusokoneza mankhwala.

Vuto loyamba lili pa tsinde loti "-rombo". Kwa Mchewa chirombo ndi choopsa, choluma kapena chowononga. Koma m'nyanja ya Malawi muli ndere za selo imodzi, zokhala m'tizikamba tonga galasi, zomwe zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndipo chambo chimadya zimenezo. Izinso zimawerengedwa m'gulu lomweli. Kuzitcha zirombo ndi kunyoza chimene chimadyetsa msodzi.

Vuto lachiwiri lili pa mphatikiram'mbuyo "ka-" ndi "ti-", amene amasonyeza kuchepa. Ndere zina zofiirira za m'nyanja ya Pacific zimatalika kupitirira mamita 30, chonsecho zili m'gululi.

Olemba ena pothawa mawu oti "kachirombo" amati "tinyama ta selo imodzi". Apanso pali mbuna. Kafukufuku wa chibadwa wasonyeza kuti Protista si fuko limodzi, koma dengu lomwe akatswiri adaponyamo zamoyo za selo yaphata zimene si nyama, si zomera, ndiponso si bowa. Mu 1996 kudapezeka kuti Plasmodium ali ndi kachiwalo kotsalira kochokera ku ndere, umboni woti makolo ake ankapanga chakudya ndi dzuwa. Phytophthora, woyambitsa chiwawu cha mbatatesi ndi tomato, yemwe adadzetsa njala ku Ireland kuyambira 1845, ankayesedwa nkhungu, koma abale ake enieni ndi ndere zofiirira zija. Dzina lililonse lofotokoza maonekedwe lidzayenera zina ndi kunamizira zinzake.

Nchifukwa chake kubwereka kukuposa kupeka. Chichewa chidalandira kale "bakiteriya" ndi "vayirasi". Palibe choletsa kulandira "pulotisiti", zikachuluka "mapulotisiti", monga "sukulu" ndi "masukulu". Kalembedwe koti "protist" nkosayenera m'chiganizo cha Chichewa, popeza phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu. Mayina a sayansi okha, monga Plasmodium, asasinthidwe, pakuti ndi a dziko lonse lapansi.

Mawu oti "kachirombo" sakufunika kutayidwa. Pokambirana ndi wodwala kapena pochenjeza anthu za madzi akumwa, ndi omveka ndiponso okwanira. Koma buku la m'kalasi lili ndi udindo wina. Wolemba atchule chamoyo ndi gulu lake, mkonzi aonetsetse kuti dzinalo silikusintha tsamba ndi tsamba, ndipo mphunzitsi asaope kuuza ana kuti woyambitsa malungo ali pachibale ndi ndere kuposa ndi woyambitsa kolera.