Kodi Anasema Ndani?

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Balaka kudzera pa Liwonde kulowera ku Zomba amaona mipando yosema itandandalikidwa m'mbali mwa msewu m'boma la Machinga. Mlendo amagula umodzi, napita nawo kwawo, nautcha "mpando wa ku Malawi". Dzina la mmisiri amene anatuluka matuza m'manja pousema silifika ndi pa bwalo la ndege pomwe.

Vutoli n'lakale, ndipo si lathu lokha. Ku India, mfumu Akbar, imene inalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605, inali ndi amisiri oposa 100 ojambula tizithunzi ta m'mabuku. Chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja angapo: wina kulemba mizere, wina kupaka utoto, wina kumalizitsa nkhope. M'buku lotchedwa Akbarnama, limene mbali yake ikusungidwa ku London, alembi analemba maina a amisiri, monga Basawan ndi Miskin, m'munsi mwa tsamba. Koma zithunzi zambiri za mafumu ang'onoang'ono a kumapiri zinkangodziwika ndi dzina la dera. Mu 1968 katswiri B. N. Goswamy anaonetsa kuti luso lawo linkayenda m'mabanja, ndipo maina a mabanjawo, monga la mmisiri Nainsukh, anawalondola m'makaundula a ansembe a Chihindu ku Haridwar.

Nanga ife? Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko akometsa matchalitchi ambiri ndi zosema zawo. Komabe ambirife timangoti "chosema cha ku Mua", ngati kuti Mua ndiye anagwira kasemasema.

Ena adzati mutu umodzi susenza denga, luso lathu n'la mudzi wonse. Zoonadi, wina amadula mtengo, wina kusema, wina kusalaza. Koma alembi a Akbar anayankha kale: ngati amisiri ali atatu, lembani atatu onsewo. Popanda dzina sitingathe kusiyanitsa dzanja la mphunzitsi ndi la wongotsanzira. Mpando wosemedwa mwachifatse umagulidwa mtengo umodzi ndi wosemedwa mothamanga, ndipo mapeto ake mmisiri waluso nayenso amayamba kuthamanga, pakuti ana ayenera kudya.

Maparishi athu amasunga bwino kaundula wa ubatizo. Tsamba limodzi lolembapo amene anasema mtanda wa pa guwa, mudzi wake ndi chaka chimene anausema, silingawalemere. Tifunse tsopano, amene akudziwa akadali ndi moyo.