Mphepo ndi Fizi: Kuunika Kanema wa Moyo wa William Kamkwamba

M'chaka cha 2019 kudatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene adakonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku Britain. Kanemayu adachokera m'buku la dzina lomwelo limene William Kamkwamba adalemba mothandizana ndi Bryan Mealer, ndipo lidasindikizidwa mu 2009. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adasiyira panjira maphunziro a sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Ali pakhomo, adawerenga mabuku a sayansi napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake.

Ambiri amene adaonera kanemayu amagoma ndi luntha la mnyamatayo, ndipo n'koyeneradi kutero. Koma ine ndidamuonera ndi maso a mphunzitsi, ndipo chimene chidandilasa mtima ndi pamene William akutulutsidwa m'kalasi anzake akuyang'ana. Chaka cha 1994 chisanafike, pamene sukulu za pulayimale zinali zolipira, inenso ndidaimapo kutsogolo kwa kalasi ndi kuwerenga maina a ana oyenera kubwerera kwawo. Pamenepa Ejiofor sadaphonye. Waonetsa kuti mwana wothamangitsidwa sabwebweta, amangotola makope ake mwamanyazi ngati kuti umphawi wa makolo ake ndi mlandu umene wapalamula yekha.

Mphamvu ina ya kanemayu ili pa Annie, mlongo wake wa William. Mtsikanayu ndi wanzeru ndipo akufunitsitsa kupitiriza maphunziro, koma njala itakula akuthawa ndi mwamuna kuti pakhomo pachepe pakamwa pofuna chakudya. Wopenyetsetsa aona kuti pamene dziko likuwombera m'manja mnyamata, mtsikana akuzimiririka mwakachetechete. Kodi si mmene zimakhalira m'midzi yambiri nkhokwe ikauma?

Komabe kanemayu ali ndi zofooka. Choyamba ndi chiyankhulo. Ngakhale adajambulidwa m'Malawi momwe muno, ena mwa ochita zisudzo akuluakulu ndi ochokera kunja: Maxwell Simba, amene akusewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Khama lawo pophunzira Chichewa ndi lotamandika, koma katchulidwe kawo kamachititsa Mmalawi kukumbukira kuti akuonera sewero.

Chofooka chachikulu chili pa mathero. M'kanema, makinawo akutunga madzi, mbewu zikumera, ndipo mudzi ukupulumuka ku njala. Koma buku limatiuza kuti makina oyambirira adayatsa mababu ndi kuliza wailesi pakhomo, ndipo kutunga madzi kudadza patapita zaka. Kusintha kumeneku kumakometsa nkhani, koma kungasocheretse woonera kuti aganize zoti luntha la mwana mmodzi ndi lokwanira kugonjetsa njala ndi umphawi, kapenanso kuti mwana wochenjera safunika sukulu.

Moyo wa Kamkwamba weniweniyo ukutsutsa maganizo amenewa. Nzeru zake adazitola m'mabuku a mulaibulale, monga lotchedwa Using Energy. Atatchuka ndi kukayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007, chimene adathamangira ndi kubwerera m'kalasi. Adakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, namaliza digiri yake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Iye adabwerera ku sukulu chifukwa anthu akufuna kwabwino adamva mbiri yake. Nanga anzake amene adathamangitsidwa naye limodzi, omwe sadapange chodabwitsa chilichonse, adawakumbukira ndani?

Pangano la mayiko onse la ufulu wa ana la 1989, limene dziko lathu lidavomereza mu 1991, ndiponso gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino, amanena za ufulu wa maphunziro. Ufulu sukhala mphotho ya mwana wanzeru yekha ayi. Ndi wa wochedwa kumva, wa wolumala, wa wamasiye ndiponso wa mtsikana ngati Annie. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Tsono inu ophunzira, kanemayu muonereni, pakuti ndi wabwino ndipo akuonetsa mudzi wathu mwaulemu. Koma muwerengenso bukulo ndi kuyerekeza ziwirizi. Makina akayamba kuzungulira, musangoyang'ana kumwamba kumene kuli mphepo. Mukumbukirenso mpando umene udatsala wopanda munthu m'kalasi muja.