Nkhomaliro ya ku hotela isaiwale zakwathu

Ku Guangzhou ndi ku Hong Kong, mahotela apamwamba amanyadira dim sum: tizakudya tating'ono tophikidwa ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi, tomwera tiyi. N'zakwawo, ndipo sacita nazo manyazi.

Kuno ku Lichinga, pa hotela ina, ndinalipira mametikali ogula ndowa ya cimanga kuti ndidzigawire ndekha nkhomaliro. Nkhuku inali yofewa, mpunga wakupsa bwino. Koma nyemba zathu, zimene amalonda amatengera mpaka ku Nampula, anaziika kumapeto, zitazizira. Usipa wa ku Meponda panalibe.

Nanga mlendo wolowera pa Mandimba adzadziwa bwanji zimene timalima ndi kuwedza? Ophika athu luso ali nalo. Eni mahotela awalole kuphika zakwathu, kuti alimi ndi asodzi apezenso msika.