Za Malamulo a Anthu a San kwa Ofufuza Nzeru

M'caka ca 2017 atsogoleri a anthu a mtundu wa San a ku South Africa anaturutsa kabuku ka malamulo oyenera kuwatsata munthu ali yense wofuna kufufuza za iwo ndi za nzeru zao. Kabukuka nkocepa, koma mau ace ngolemera. Kaimika nsanamira zinai, ndizo ulemu, kunena zoona, cilungamo ndi cisamaliro. Ndiponso kalamula kuti wofufuza ayambe wapempha cilolezo asanagwire nchito yace.

Wofuna kukamvetsa akumbukire nkhani ya hoodia, mmera wa m'cipululu ca Kalahari umene alenje a San ankadya pofuna kuletsa njala ndi ludzu. Bungwe la boma la CSIR linapeza mankhwala mu mmerawo, ndipo linawalembetsa ngati ace osauza eni nzeruyo. Pangano logawana phindu linadza mocedwa, mu 2003. Tsono kampani ya Unilever italeka nchitoyo mu 2008, cuma cimene anaciyembekeza sicinaoneke.

Ubwino wa kabukuka ndi wakuti wofunsidwa uja wasanduka woweruza. Kale mlendo ankadza ndi mafunso, natenga mayankho, napita osabweranso. Kabukuka sikapempha ndalama zokha ai, koma kafuna kuti eni dziko agwire nao nchitoyo, aphunzire luso lace, ndi kulandira mbali yao ya zabwino zimene zituruka m'menemo. Pamenepa alembi ace anaona patali, pakuti hoodia inawaphunzitsa kuti phindu la malonda liri ngati mame.

Komabe kali ndi zofooka ziwiri. Coyamba, si lamulo la boma. Wokaphwanya acita manyazi, koma saimirira pabwalo la milandu. Caciwiri, anakalemba ndi a San a ku South Africa okha, cinkana abale ao ambiri ali ku Botswana ndi ku Namibia. Kuti lamulo lithandiza kunaoneka mu 2019, pamene ocita malonda a tiyi wa rooibos anabvomera kupatsa a San ndi a Khoi magawo 1.5 pa 100 a mtengo umene alimi alandira. Pakuti kumbuyo kwa panganolo kunali lamulo la dziko losamala zacilengedwe.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kabukuka sikakana kalumoko. Kakumbutsa cabe mlendoyo kuti mutu wometedwawo uli ndi mwini wace.